Chifefe chapachikidwa, yabwera mfuti ya mpweya: tidziwe izi tisanasinthe



Kuno kwathu ku Ntcheu, kuyambira kumtunda ku Tsangano ndi ku Lizulu mpaka kutsikira m'chigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, kulira kwa mfuti ya mlenje kwasowa. Madoda ambiri amene tinkawadziwa ndi chifefe paphewa anachipachika. M'malo mwake kwabwera mfuti ina yongoti "phaa!" ngati munthu wathyola nsungwi youma. Imeneyi ndi mfuti ya mpweya, ena amangoti mfuti ya mbalame. Zina akubwera nazo ana athu ochokera ku Joni, zina anthu akugula m'tauni.

Mafunso ake akutipeza pakhonde la mzikiti tikatha kuswali Ijuma. Kodi njiwa yophedwa ndi mfuti imeneyi tidye? Mwana tingam'patse? Ikufunika chilolezo? Nanga chifefe chakale chija tichite nacho chiyani? Tati tiyankhe pano kuti onse amve, popeza chimene chafika ku Bwanje sichichedwa kutsika ndi msewu wa ku Golomoti n'kukafika ku Malembo ndi ku Monkey Bay.

Mfuti si mlendo kuno

Makolo athu anaidziwa mfuti kalekale. M'zaka za m'ma 1800 amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, ankabweretsa mfuti ndi onga posinthanitsa ndi minyanga ya njovu, ndipo tinene zoona, posinthanitsanso ndi anthu. Mafumu a kunyanja monga Mponda ndi Makanjira anakula mphamvu ndi mfuti zimenezo. Kumtunda kuno Angoni ankadalira nthungo ndi chishango, ndipo mfuti za atsamunda ndizo zinawagonjetsa mu 1896, chaka chimene Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa. Nkhondo zitatha, mfuti ya gogodera inatsala m'midzi ngati chida cha mlenje: kuthira onga kukamwa kwake, kutsendera sanza, kuponyamo tizidutswa ta chitsulo, basi ulendo wa kuthengo.

Mfuti zina tinaziona zikubwera ndi maso athuwa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula cha m'ma 1986, abale athu a ku Angonia anathawira kuno, ndipo dziko lonse linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Paja m'madera ena pakati pa Lizulu ndi Biriwiri msewu wa M1 ndiwo malire, ukangowoloka phula wafika ku Mozambique. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, anthu anabwerera kwawo, koma si mfuti zonse za AK-47 zimene zinabwerera m'manja mwa boma. Zina zinagwera kwa mbava, ndipo amalonda ndi oweta ng'ombe a m'malire muno analira nazo kwa zaka. N'chifukwa chake wapolisi wa kuno, ngakhalenso anthu a m'mudzi, akaona munthu wanyamula chinthu chooneka ngati mfuti samwetulira.

Chachititsa n'chiyani kuti chifefe chipachikidwe?

Choyamba, nyama zatha. Thengo limene munkatuluka agwape, insa ndi nkhanga lero ndi minda ya chimanga ndi mauvuni a makala. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo Ntcheu yokha inali ndi anthu oposa 650,000. Uzimba uja wa mudzi wonse, wa agalu ndi malikhweru, ana a lero amangoumva m'nkhani.

Chachiwiri chikuchokera pomwepo. Anthu akachuluka, kulikonse kumene ungaloze mfuti kuli munthu: mayi wotola nkhuni, mnyamata wa kuubusa, wina wothirira tomato kudimba kuseri kwa bango. Chifefe chimamwaza timitovu tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo woombayo sangawerenge kumene tonse tapita.

Chachitatu ndi thumba. Zipolopolo sizipangidwa kuno, zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. Mlimi amene akusowa ya feteleza sangamaphulitse ndalama m'mwamba kuti aphe nkhwali imodzi.

Chachinayi ndi lamulo. Mfuti ya onga ili pansi pa lamulo la mfuti la 1967, ndipo mwini wake amayenera kukhala ndi chiphaso cha kupolisi chimene amachikonzetsa chaka ndi chaka. Lamulo la nyama zakuthengo la 1992 nalo linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, atha kukhala kundende mpaka zaka 30.

Komatu dzanja lozolowera kuloza silifuna kungokhala. Ambiri amene anapachika chifefe sanasiye chifukwa chodana ndi kuomba. Chinkawakoka si ndiwo zokha ayi, komanso luso lenilenilo: kupenya, kudekha, kugwira mpweya, n'kulasa pamene diso linafuna. Apa m'pamene mfuti ya mpweya yapezera malo.

Mmene imagwirira ntchito

Mfuti imeneyi ilibe onga, ilibe moto. Chimakankha kachipolopolo ndi mpweya wopanikizidwa, monga mmene mpope wa njinga umakankhira mpweya m'chubu.

Mitundu yake ilipo itatu. Wofala kwambiri ndi wothyola pakati. Ukaithyola, umapanikiza sipuling'i yaikulu imene ili m'kati, umaika kachipolopolo kamodzi n'kutseka. Ukakoka kachitsulo koombera, sipuling'i imamasuka, imakankha pisitoni, pisitoni imakankha mpweya, mpweya umatulutsa kachipolopolo. Mtundu wachiwiri, umene amautcha PCP, uli ndi kathanki kodzazamo mpweya ndi mpope wapadera, kufika pamphamvu ya mabaa 200 kapena kuposa, pamene tayala la galimoto limangofuna mabaa awiri kapena atatu. Wachitatu umagwiritsa ntchito timabotolo ta gasi togula. Kwa ife a kumudzi, yothyola pakati ndiyo yoyenera. Sifuna mpope, sifuna gasi, imangofuna mkono wako.

Tizipolopolo take n'ta mtovu, ndipo tofala n'ta misinkhu iwiri: 4.5 mm ndi 5.5 mm. Ka 4.5 mm kamalemera pafupifupi theka la galamu ndipo nthawi zambiri timagulitsidwa 500 m'kachitini kamodzi. Ka 5.5 mm n'kolemererako, kamamenya mwamphamvu koma kamayamba kugwa msanga. Maina amene mudzaone pa mfutizi ndi monga Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey, BSA ya ku England, Diana ndi Weihrauch za ku Germany, komanso zambiri zotsika mtengo za ku China.

Mphamvu ya mfuti amaiyeza m'ma joule. Ku Britain mfuti ya mpweya imene munthu angakhale nayo popanda chiphaso cha mfuti ya onga siyenera kupitirira ma joule 16, ndipo ku Germany malire ake ndi 7.5. Kamfuti kakang'ono ka onga ka .22 kamatulutsa ma joule pafupifupi 140, pamene chifefe chimaposa mfuti ya mpweya ya ma joule 16 ija maulendo oposa 100. Ndiye tisanamizane, mfuti ya mpweya si mng'ono wake wa chifefe. Ndi chida china, cha ntchito ina.

Musaiyesenso chidole. Asilikali a ku Austria ankamenya nayo nkhondo cha m'ma 1780. Lero lino ili pa mpikisano wa Olympics, kumene inalowa mu 1984. Kumeneko amaomba ataimirira pa mtunda wa mamita 10, ndipo kadontho ka pakati kopatsa mapointi 10 n'kotambalala theka la milimita, kochepa kuposa njere ya mawere.

Zimene ingathe ndi zimene singathe

Ntchito imene mfuti iyi imaigwira bwino pakhomo ndi ya makoswe: m'khola la nkhuku, kuseri kwa nkhokwe, m'shedi mosungira matumba. Imapha khoswe popanda kuthira poizoni amene mawa adzaphe mphaka, nkhuku kapena mwana wokwawa. Imathanso njiwa kapena nkhwali pa mtunda wosapitirira mamita 25 kapena 30, ngati woombayo ali ndi dzanja lokhazikika. Kupitirira pamenepo ndiye kungovulaza.

Zimene singathe n'zambiri. Singaphe nyani, pusi kapena nguluwe. Nyani wolasidwa ndi kachipolopolo amathawa nako m'thupi, bala limaola, amavutika masabata, ndipo gulu lake mawa labweranso m'chimanga. Singathamangitse chigulu cha mbalame zodya mpunga ndi mapira, zija zimabwera ngati mtambo. Mbalame zikwizikwi sungazithe ndi kachipolopolo kamodzikamodzi, kumeneko zitini, zingwe ndi kukuwa zikadali patsogolo. Za mvuu ndi ng'ona ndiye tisayerekeze n'komwe. Zikavuta padoko kapena m'dimba, kauzeni amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo, iwo ali ndi alenje ake a ntchito imeneyo.

Palinso chizolowezi china choipa chimene chayamba: kuomba mbuzi, ng'ombe kapena galu wa mnzako amene walowa m'munda, ati kungomuthawitsa. Kachipolopolo kamalowa pansi pa chikopa, nthawi zina m'diso kapena m'bere. Chiweto chilibe mlandu, mlandu ndi wa mwini wake, ndipo bwalo la amfumu lilipo. Wolasa mbuzi ya mnzake amasanduka wolipira pa mlandu umene akanapambana.

Inu a kunyanja, akhwangwala akamavuta pa matandala a usipa, tikudziwa kupweteka kwake. Koma pathandala ndi pamene pali amayi, ana ndi ogula. Pamenepo si poombera. Musaombenso cholunjika pamadzi, chifukwa kachipolopolo kamadumpha pamadzi ngati kamwala kaphanthiphanthi kamene ana amaponya, ndipo kutsogoloko kuli bwato la wina.

Ubwino umodzi tiunene. Chipolopolo chimodzi cha chifefe chimamwaza magalamu pafupifupi 30 a mtovu, ofanana ndi tizipolopolo 60 ta mfuti ya mpweya. Mtovu umenewo ukagwera m'dambo, abakha ndi atsekwe amaumeza poyesa timiyala, n'kumafa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ku America analetsa kuombera mbalame za m'madzi ndi mtovu mu 1991, ndipo maiko a European Union analetsa mtovu wa chifefe m'madambo mu 2023. Komabe mtovu ndi mtovu. Osasunga tizipolopolo m'kamwa poomba, sambani m'manja musanadye, ndipo chotsani kachipolopolo m'nyama isanalowe mumphika.

Kodi yophedwa nayo ndi halaal?

Funso ili ndi limene latifika kawirikawiri. Qur'an, mu Surah Al-Maida ndime 3, ikuika nyama yofa ndi kumenyedwa m'gulu la zoletsedwa, pokhapokha itapezeka ili moyo n'kuzingidwa. Swahaba wina, Adi ibn Hatim, anafunsa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) za ndodo yosakira yokhala ndi nsonga. Yankho linasiyanitsa ziwiri: nyama imene yalasidwa ndi nsonga n'kubooledwa ndi yololedwa, koma imene yafa chifukwa chomenyedwa ndi thunthu la ndodoyo ndi yoletsedwa. Nkhani imeneyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim.

Mfuti zitabwera, ma ulama anasiyana maganizo. Ena anati chipolopolo chimaboola ndi kutulutsa magazi kuposa muvi, choncho ngati woomba watchula Bismillah, nyamayo ndi halaal ngakhale aipeze itafa. Ena anati chipolopolo sichidula ndi kuthwa koma chimaswa ndi mphamvu, choncho nyamayo siidyedwa pokhapokha itazingidwa ili moyo. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu ozama.

Ife timalangiza njira imene onse amagwirizana. Tchulani Bismillah poomba, mpeni wakuthwa ukhale m'thumba, thamangirani mbalameyo, ndipo mukaipeza ikadali moyo izingeni pomwepo. Pamenepo palibe sheikh angakutsutseni. Dziwaninso kuti mukaipeza ili moyo, mpata wozinga ulipo, koma inu n'kuilekerera mpaka kufa, onse amagwirizana kuti siidyedwa. Ndipo mfuti ya mpweya ili ndi vuto lakelake. Ikaomba patali, mphamvu itatha, kachipolopolo kamatha kungomenya mbalame osaboola. Yofa motero ndi yomenyedwa, ifanana ndi yophedwa ndi mwala wa legeni, siilowa mumphika wa Msilamu. Ana athu a malegeni awa tiwaphunzitsenso zimenezi.

Chinanso chimene Chisilamu chimaletsa poyera ndi kusandutsa chamoyo kukhala chandamale. Abdullah ibn Umar anapeza anyamata atamangirira mbalame n'kumaphunzirirapo kulasa. Atamuona anabalalika, ndipo iye anawauza kuti Mtumiki (SAW) anatemberera wochita zimenezo. Ndiye mnyamata woyenda m'mudzi n'kumaomba timba, pumbwa, buluzi ndi mphaka pofuna kuona ngati mfuti ikulunjika, adziwe kuti sakusewera. Akusenza machimo. Timapha chifukwa cha ndiwo kapena chifukwa choteteza chakudya chathu, monga khoswe amene Deen inaloleza kumupha. Kupha kongosangalala ayi.

Mbalame zoti tizisiye

Mbalame zogwira ndi zikhadabo, monga nkhwazi, kabawi ndi kadzidzi, Msilamu sadya. Ndiye aziombe chifukwa chiyani? Nkhwazi ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo msodzi aliyense amaidziwa kulira kwake. Kadzidzi anthu amamuda poti ati amalosera maliro, koma ife tikudziwa kuti imfa ili m'manja mwa Allah, siili pakamwa pa mbalame. Kadzidzi ndi mlenje wa makoswe amene amagwira ntchito usiku wonse popanda malipiro. Womuomba akudziwonjezera yekha makoswe munkhokwe. Akakowa amene amatsata ng'ombe akutola ziwala ndi tizilombo tina, nawonso ndi antchito athu.

Ngakhale mbalame zodyedwa zili ndi nyengo yake. Asodzi simufuna kuphunzitsidwa zimenezi. Mukudziwa kuti November ndi December makoka amapumula kuti chambo chiswane. Mukudziwa za chilumba cha Mbenji ku Salima, chimene a Makanjira amatseka nthawi ya dzinja n'kudzatsegula cha mu April, ndipo nsomba za kumeneko zimadzichitira zokha umboni. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, osaka mbalame anapanga magulu awo n'kuika malo ndi nyengo zosasaka. Nkhanga ndi nkhwali nazo zimaikira ndi kulera anapiye, nkhanga makamaka m'dzinja. Ukaona mbalame ili pachisa kapena ikutsogolera ana, tsitsa mfuti. Kupha make n'kupha chisa chonse.

Lamulo, ndi za chifefe chakale

Safunsa anadya phula. Musanagule mfuti ya mpweya, kapena musanauze mwana wa ku Joni kuti akutumizireni, pitani kupolisi ya kwanuko mukanene mtundu wake ndi msinkhu wa tizipolopolo take, akuuzeni mapepala ofunika. Ku South Africa mfuti ya mpweya yochepera 5.6 mm siiwerengedwa ngati mfuti yofuna chiphaso, n'chifukwa chake ana athu amaigula mosavuta. Koma lamulo la ku South Africa limathera pa Beitbridge. Basi imadutsa Zimbabwe ndi Mozambique isanafike pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Kuibisa m'bulangete pansi pa katundu ndiko kusandutsa mphatso kukhala mlandu.

Kukhala ndi mfuti ndi nkhani ina, kusaka ndi nkhani inanso. Lamulo la nyama zakuthengo lili ndi chiphaso chakechake chosakira mbalame, chimene chimaperekedwa ndi nthambi yoona za nyamazo. M'malo otetezedwa, monga nkhalango za Mvai ndi Dzonzi kuno ku Ntcheu, paki ya Liwonde ndi paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, musalowe ndi mfuti ya mtundu uliwonse. Mlonda wa nkhalango safunsa ngati ndi ya onga kapena ya mpweya.

Poyenda nayo, ikhale m'thumba lake, yopanda kachipolopolo, ndipo usiku isatuluke pakhomo. Mumdima palibe amene angaisiyanitse ndi mfuti ya mbava, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu la anthu olusa limachita lisanafunse dzina.

Nanga chifefe chakale? Chiphaso cha mfuti ndi cha munthu mmodzi, dzina lake lili pamenepo. Simungachibwereke mlamu, simungachigulitse kwa mnzanu pamsika wa ng'ombe ngati njinga. Ngati mwasiya kuchigwiritsa ntchito, kauzeni apolisi akuuzeni njira yochiperekera kapena yochigulitsira kwa munthu wololedwa. Ife amene timaitanidwa kukagawa chuma cha masiye timazipeza mfuti zoterezi kudenga, zitakulungidwa m'chiguduli, mwini wake atagona kumanda zaka zapitazo. Mfuti siigawidwa ngati mbuzi kapena wailesi. Chiphaso cha bambo sichitsikira kwa mwana, ndipo banja losunga mfuti ya malemu mwakachetechete likusunga mlandu. Chimodzimodzi gogodera. Pitani kaye chimanjamanja, inu ndi amfumu, mukanene kupolisi. Osakwera nayo kabaza kapena minibasi kuti mukaipereke, mungamangidwe panjira musanafotokoze.

Diso la mwana

Apa ndi pamene pali mantha athu aakulu. Chifefe aliyense ankachiopa, chinkakhala kuchipinda kwa bambo ndipo mwana sankachiyandikira. Mfuti ya mpweya, poti siilira kwambiri, imasiyidwa pakhonde ngati khasu. Koma kachipolopolo kake kamaswa diso, kamalowa pakhosi, ndipo pamutu wa mwana, pamene fupa n'lopyapyala, kamatha kupha. Kakaombedwa m'mwamba kamauluka mamita mazana angapo, kudumpha mabwalo a mpira awiri kapena atatu, kasanagwe.

Mtumiki (SAW) analetsa ngakhale kuponyerana timiyala ndi zala, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti sitipha nyama koma timathyola dzino ndi kuswa diso. Analamula kuti wodutsa mumsika kapena mumzikiti ndi mivi agwire nsonga zake kuti asakande Msilamu mnzake. Analetsanso kuloza m'bale wako ndi chida, ngakhale mongocheza. Ngati zinali choncho ndi timiyala ndi mivi, kuli bwanji mfuti?

Malamulo a pakhomo akhale awa. Mfuti iliyonse tiitenge ngati muli chipolopolo. Kukamwa kwake kuloze pansi nthawi zonse. Chala chisakhudze kachitsulo koombera mpaka diso litaona chandamale ndi zimene zili kuseri kwake. Mfuti itsekeredwe kwina, tizipolopolo kwina, makiyi kwa bambo kapena mayi. Mwana aombe pokhapokha wamkulu ataima pambali pake. Ngozi ikachitika, osatokosa bala ndi singano kapena minga, osatikita diso. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira kuchipatala. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo diso silimeranso.

Kusamala chida

Amene achokera ku chifefe amadabwa kuti akuphonya chitini pa mamita 15. Chifefe umachigwira zolimba n'kutsata mbalame ikuuluka. Mfuti ya sipuling'i imafuna zosiyana: imagwedezeka kachipolopolo kasanatuluke, choncho umaigoneka pachikhatho mofewa, osaifinya, osaitsamiritsa pamwala kapena pamtengo, ndipo kagwiridwe kakhale kamodzimodzi nthawi zonse. Tulutsa mpweya pang'ono, ima, koka mofatsa, ndipo usadzutse mutu mpaka kachipolopolo katafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poika kachipolopolo, dzanja limodzi ligwirebe mpope wothyoledwawo, chifukwa ukabwerera mwadzidzidzi umaphwanya zala. Osaiomba mulibe kanthu, pisitoni imadzimenya n'kuwonongeka. Osaisiya yokokakoka usiku wonse, sipuling'i imafooka. Osaikamo misomali, waya, njere kapena tizipolopolo totola pansi. Osathira oyilo wa galimoto, wa makina osokera kapena mafuta ophikira m'kabowo ka mpweya, chifukwa mafutawo amayaka ndi kupanikizika n'kuotcha zotsekera za m'kati. Kunja kokha pukutani ndi kansalu ka mafuta pang'ono, makamaka inu a kunyanja kumene dzimbiri silichedwa. Amene ali ndi PCP asayerekeze kuidzaza ndi okosijeni wa owotcherera zitsulo. Imaphulika m'manja.

Bwalo la chandamale

Kulasa chandamale ndi masewera amene Chisilamu chinawalimbikitsa kuyambira pa uta ndi muvi. Mtumiki (SAW) anapeza anthu a fuko la Aslam akupikisana kulasa ndipo anawalimbikitsa, n'kuwakumbutsa kuti kholo lawo Ismail anali wolasa. Ndiye amene dzanja likuwayabwa, njira yabwino ndi imeneyi, ndipo siitha mbalame.

Zofunika n'zochepa. Pezani malo kunja kwa mudzi, mogwirizana ndi amfumu, ndipo apolisi a m'dera adziwe. Kuseri kwa chandamale kukhale chulu chachikulu, khoma la dothi kapena matumba a mchenga, osati mwala, chitsulo kapena thabwa louma, poti zimenezo zimabweza kachipolopolo. Yezani mamita 10, jambulani mizere yozungulira pakatoni, lembani mzere pansi umene aliyense aziima kumbuyo kwake. Pakhale wamkulu mmodzi wolamula, ndipo iye akati "imani", mfuti zonse zithyoledwe ndi kuikidwa pansi asanapite munthu kukaona katoni. Aliyense aombe kasanu, muwerenge. Mfuti imodzi imakwanira anthu khumi, ndipo kachitini kamodzi ka 500 kamapatsa anthu khumiwo maulendo khumi aliyense.

Kubetcha ndalama ayi, imeneyo ndi juga. Koma ngati wina amene sakupikisana nawo waika mphoto, kaya ndi nkhuku, kaya ndi sopo, palibe choletsa. Nthawi ya swala ikakwana, masewera aime.

Pabwalo lotere madoda aja anapachika chifefe ali ndi ntchito. Iwo ndi amene amadziwa kuopsa kwa mfuti, ena anaonapo gogodera ataphulikira munthu m'manja. Akhale iwo oimirira kumbuyo kwa anyamata, kuwaongola chigongono ndi kuwadzudzula akatembenuka ndi mfuti. Atsikana nawonso asatsalire, ku Olympics kuja akazi amalasa mofanana ndi amuna. M'mera m'poyamba: mwana amene waphunzira mfuti pamaso pa agogo ake sadzailoza mnzake pocheza.

Makomiti a mizikiti ndi a m'madoko, kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira. Dziwani nyumba zimene muli mfutizi, ndani akuzisunga, ndipo zikusungidwa bwanji. Amene muli ndi mfuti ya malemu kudenga, musadikire kuti ipezedwe ndi ena.

Allah atisungire ana athu, minda yathu ndi nyanja yathu. Ameen. Wassalaam alaikum warahmatullah.